Mabakiteriya 200 patatha maola 10: zimene mndandanda wa geometric umanena ndi pamene umalekera

Funso: "Ndine wophunzira ndipo tapatsidwa ntchito ya masamu. Mabakiteriya amene akusungidwa mu labotale ankawerengedwa ola lililonse. Poyambira anali 200, patatha ola limodzi anali 300, patatha maola awiri 450, patatha maola atatu 675. Tauzidwa kuti tigwiritse ntchito mndandanda wa geometric kuti tipeze chiwerengero chawo patatha maola 10. Ine ndapeza 7,689, mnzanga wapeza 11,533, chonsecho tonse tatsatira fomula ya m'buku. Kodi walakwitsa ndani? Nanga fomula imeneyi ingandiuzedi kuchuluka kwa mabakiteriyawo patatha maola 100?"

Mnzanuyo ndi amene wapeza yankho lolondola, 11,533, koma musafulumire kutaya pepala lanu, chifukwa nambala yanu ya 7,689 siyongopeka. Ndi chiwerengero cha mabakiteriyawo patatha maola 9. Mwachulukitsa bwinobwino, kungoti mwaima kutatsala ola limodzi. Cholakwika chimenechi ndi chofala kwambiri pa phunziroli, ndipo chimayamba chifukwa chakuti fomula imalowezedwa pamtima munthu asanamvetse kuti ikuwerenga chiyani. Ndiyamba ndi funso lanu loyamba kuchokera pa maziko ake, kenaka ndifike pa lachiwiri, limene ine ndikuliona kuti ndi lofunika kuposa loyambalo.

Munthu akapatsidwa nambala zotsatizana, ntchito yoyamba ndi kuona mmene nambala iliyonse ikuchokera ku inzake yam'mbuyo. Mukachotsa 200 pa 300 mupeza 100, mukachotsa 300 pa 450 mupeza 150, ndipo mukachotsa 450 pa 675 mupeza 225. Kusiyanaku kukusinthasintha, choncho umenewu si mndandanda wa arithmetic, umene umakula mwa kuwonjezera nambala imodzimodzi nthawi zonse. Tsopano yesani kugawa. Mukagawa 300 ndi 200 mupeza 1.5, mukagawa 450 ndi 300 mupezanso 1.5, ndipo 675 ndi 450 ikupatsaninso 1.5. Mndandanda wa geometric ndi umenewu: nambala iliyonse imapezeka pochulukitsa yam'mbuyo ndi nambala imodzi yosasintha, imene m'mabuku imalembedwa ndi chilembo r. Pa funso lanu r ndi 1.5.

Taonaninso nambala zimene tinapeza pochotsera zija, 100, 150 ndi 225. Iliyonse ndi theka la mabakiteriya amene analipo kumayambiriro kwa ola limenelo: 100 ndi theka la 200, 150 ndi theka la 300, ndipo 225 ndi theka la 450. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kuchuluka kwa zimene zikuwonjezeka kukudalira kuchuluka kwa zimene zilipo kale. Bakiteriya amachulukana mwa kudzigawa pawiri, ndipo selo latsopano likangokhwima nalonso limadzigawa, motero aliyense wobadwa lero amakhala kholo mawa. Chomwechonso ndi ndalama zimene chiwongoladzanja chake chimaphatikizidwa ku ndalama zoyambazo n'kuyambanso kubereka, kapena matenda amene wodwala aliyense amapatsira anthu ena. Choncho mukalemba kuti r ndi 1.5 simukungofotokoza nambala zinayi zimene mwapatsidwa. Mukunena kuti pa mabakiteriya 100 alionse pamawonjezeka ena 50 pa ola, kaya m'botolomo muli 200 kaya muli mamiliyoni. Sungani mfundo imeneyi, chifukwa yankho la funso lanu lachiwiri likudalira ngati ili yoona nthawi zonse.

Tsopano tione pamene munasiyanirana ndi mnzanu. Fomula ya m'buku imati nambala ya pa malo a n mu mndandanda ndi a × r^(n − 1), pamene a ndi nambala yoyamba, ndipo chizindikiro ^ chikusonyeza kuti r ichulukitsidwe yokha kangati. Inu munaika 10 pamalo pa n, ndipo munapeza 200 × 1.5^9, zomwe ndi pafupifupi 7,689. Vuto ndi lakuti n mu fomula imeneyi sakuimira maola, akuimira malo amene nambala yakhala pamzere. Nambala ya 200 ili pa malo oyamba, koma pa nthawi imeneyo sipanapite ola ngakhale limodzi. Nambala ya 300 ili pa malo achiwiri, koma papita ola limodzi lokha. Potsatira zimenezi, chiwerengero cha patatha maola 10 chili pa malo a 11, ndipo fomula ikupereka 200 × 1.5^10. Popeza 1.5^10 ndi pafupifupi 57.665, yankho ndi 11,533.

Malangizo anga ndi akuti funso likamanena za nthawi, musiye kuwerenga malo, muziwerenga kuti kuchulukitsa kwachitika kangati. Lembani chiwerengero ngati 200 × 1.5^t, pamene t ndi maola amene apita, ndipo muyese fomulayo ndi nambala zimene mukuzidziwa kale musanaigwiritse ntchito. Mukaika 0 pamalo pa t mupeza 200, popeza nambala iliyonse yosakhala 0 ikakhala ndi ^0 imapereka 1. Mukaika 3 mupeza 200 × 3.375, zomwe ndi 675. Kuyesa kumeneku sikutenga ngakhale mphindi imodzi, ndipo mukanakuchita ndi fomula yanu mukanaona kuti pa ola lachitatu ikupereka 450 m'malo mwa 675. Mudzaonanso kuti pa ola lachinayi fomula ikupereka 1,012.5, pamene theka la bakiteriya kulibe. Zimenezi zisakudetseni nkhawa, koma musachotse kapena kukweza kachidutswako pakati pa ntchito. Sungani nambala yonse mu kakyuleta mpaka pomaliza, chifukwa kalikonse kamene mwataya koyambirira kamachulukitsidwanso ndi 1.5 pa ola lililonse lotsatira.

Mafunso ambiri sapereka r mwachindunji, amapereka maperesenti. Kukula ndi 50 peresenti pa ola ndiye r wa 1.5, kukula ndi 3 peresenti ndiye 1.03, ndipo kuchepa ndi 20 peresenti ndiye 0.8. Chimene chimasokoneza ngakhale anthu ozolowera masamu ndi kusintha kutalika kwa nthawi. Tiyerekeze kuti mwafunsidwa kuti mabakiteriyawa amakula bwanji pa theka la ola. Maganizo amathamangira ku 25 peresenti, koma 1.25 × 1.25 ndi 1.5625, osati 1.5. Tikufuna nambala imene ikachulukitsidwa yokha kawiri ipereke 1.5, ndipo imeneyi ndi pafupifupi 1.2247. Choncho patatha mphindi 30 mabakiteriya ndi pafupifupi 245, osati 250. Theka lachiwiri la olalo limabereka zambiri kuposa loyamba chifukwa limayamba ndi makolo ambiri. Pa chifukwa chomwechi, chiwongoladzanja cha 1 peresenti pa mwezi chimene chikuphatikizidwa mwezi ndi mwezi chimakwana pafupifupi 12.68 peresenti pa chaka, osati 12.

Kuyesa kugawa nthawi m'tizidutswa ting'onoting'ono kotereku ndi kumene kumalumikiza mndandanda wa geometric, umene umayenda modumphadumpha, ndi kukula kosalekeza kumene mudzakumana nako m'makalasi apamwamba. Jacob Bernoulli, katswiri wa masamu wa ku Basel, anafufuza zimenezi mu 1683 pa nkhani ya chiwongoladzanja. Ndalama imodzi yokhala ndi chiwongoladzanja cha 100 peresenti pa chaka imakwana 2 ngati chiwongoladzanjacho chaphatikizidwa kamodzi, 2.25 ngati chagawidwa n'kuphatikizidwa kawiri, pafupifupi 2.613 ngati ndi mwezi uliwonse, ndiponso pafupifupi 2.7146 ngati ndi tsiku lililonse. Ngakhale mugawe nthawiyo mopitirira, nambalayi sipyola 2.71828 ndi tizidutswa take totsatira, ndipo ndi imene katswiri wina wa masamu, Leonhard Euler, anadzaipatsa chilembo e. Fomula yanu ya 200 × 1.5^t ikhoza kulembedwanso ngati 200 × e^(0.4055t), ndipo ziwirizi zimapereka mayankho ofanana. Mabakiteriya sadikira kuti ola likwane kuti onse adzigawe nthawi imodzi. Mndandanda wanu uli ngati zithunzi zojambulidwa ola lililonse za chinthu chimene sichinaime pakati pa maolawo.

Funso likhozanso kutembenuzidwa: kodi mabakiteriyawa adzafika 1,000,000 patatha maola angati? Apa chosadziwika ndi t, ndipo chida chake ndi logarithm, imene John Napier wa ku Scotland anaifalitsa mu 1614. Ntchito ya logarithm, imene mwachidule imalembedwa kuti log, ndi kusandutsa kuchulukitsa kukhala kuphatikiza. Gawani 1,000,000 ndi 200 kuti mupeze 5,000, ndipo funso latsala lakuti 1.5 ichulukitsidwe yokha kangati kuti ikwane 5,000. Dinani batani la log pa 5,000 mupeze 3.69897, dinani pa 1.5 mupeze 0.17609, ndipo mukagawa yoyambayo ndi yachiwiriyo mupeza 21.006. Samalani ndi kachidutswa ka 0.006 kameneka. Pa ola la 21 chiwerengero ndi 997,577, chimene sichinakwane miliyoni, choncho ngati mabakiteriya akuwerengedwa pa maola athunthu okha, ola loyamba limene chiwerengero chidzaoneke chitapyola miliyoni ndi la 22, pamene chidzakhale pafupifupi 1,496,366. Njira yomweyi imapereka nthawi imene chiwerengero chimatenga kuti chiwirikize kawiri: log ya 2 yogawidwa ndi log ya 1.5 ndi pafupifupi maola 1.71, kapena kuti ola limodzi ndi mphindi 43. Nthawi imeneyi sisintha. Kuchoka pa 200 kufika pa 400 kumatenga nthawi yofanana ndi kuchoka pa 500,000 kufika pa 1,000,000, ndipo ndikuona kuti palibe mfundo ina imene imasonyeza khalidwe la kukula kotereku momveka kuposa imeneyi.

Pali njira yachidule yakale imene Luca Pacioli anaitchula m'buku lake la masamu losindikizidwa ku Venice mu 1494, yakuti mugawe 72 ndi peresenti ya kukula kuti mupeze nthawi yowirikizira kawiri. Pa 10 peresenti imapereka 7.2, pamene yankho lenileni ndi 7.27, choncho ndi yothandiza powerengera m'mutu. Koma imagwira bwino pa maperesenti ang'onoang'ono okha. Pa 50 peresenti ya mabakiteriya anu imapereka 1.44, kutali ndi 1.71.

M'buku lanu mulinso fomula yachiwiri, yophatikizira nambala zonse za mu mndandanda: S = a × (r^n − 1) ÷ (r − 1). Apa S ndi zotsatira za kuphatikizako, ndipo n ndi kuchuluka kwa nambala zimene mukuphatikiza. Siyofunika kuiloweza ngati mwaona kumene imachokera. Lembani nambala zonse pamzere umodzi, kenaka muchulukitse mzere wonsewo ndi r n'kuulemba pansi pake. Nambala iliyonse imasanduka inzake yotsatira, motero mizere iwiriyo imafanana paliponse kupatula nambala yoyamba ya mzere wapamwamba ndi yomaliza ya mzere wapansi. Mukachotsa wina pa unzake zapakati zonse zimafafanizika, ndipo kumatsala a × r^n − a, zimene ndi S yochulukitsidwa ndi r − 1. Euclid, katswiri wa masamu wachigiriki, anapereka mfundo yofanana nayo mu gawo la 9 la buku lake la Elements, cha m'ma 300 B.C. Ngakhale iye asanabadwe, mlembi wa ku Egypt dzina lake Ahmes anakopera cha m'ma 1550 B.C. mpukutu wa gumbwa umene lero umatchedwa Rhind, umene mbali yake yaikulu ili ku British Museum mu London. Funso la 79 la mu mpukutuwo lili ndi nyumba 7, amphaka 49, mbewa 343, ngala za tirigu 2,401 ndi miyeso ya tirigu 16,807, ndipo zonse pamodzi ndi 19,607.

Kuphatikiza nyumba ndi amphaka kulibe ntchito kunja kwa kalasi, ndipo ndatchula chitsanzochi pofuna kukuchenjezani kuti fomula imaphatikiza chilichonse chimene mwaipatsa osafunsa ngati zili ndi tanthauzo. Pa funso lanu kuphatikiza 200, 300, 450 ndi 675 kungakhale kulakwa, chifukwa 675 ndi mabakiteriya onse amene alipo pa ola lachitatu, ndipo mkati mwake muli kale zidzukulu za 200 oyamba aja. Kuphatikiza kumafunika pamene nambala iliyonse ikuimira zinthu zatsopano zokhazokha. Tiyerekeze kuti matenda ayamba ndi odwala 5, ndipo wodwala aliyense akupatsira anthu awiri. Odwala atsopano pa ulendo uliwonse wa kupatsirana ndi 5, 10, 20, 40, mpaka 2,560 pa ulendo wa 10. Onse amene adwalapo kuyambira pachiyambi ndi 5 × (2^10 − 1), zomwe ndi 5,115. Onani kuti ulendo womalizawo pawokha uli ndi odwala 2,560, kuposa 2,555 a maulendo 9 oyambawo pamodzi. Khalidwe limeneli limapezeka nthawi zonse r akakhala 2, ndipo ndi limene lili mu nthano yakale ya bolodi la chess, imene wolemba mbiri Ibn Khallikan anailemba mu 1256. Njere imodzi ya tirigu pa kabokosi koyamba, ziwiri pa kachiwiri, zinayi pa kachitatu, mpaka timabokosi tonse 64, zimakwana 18,446,744,073,709,551,615, ndipo zoposa pang'ono theka la njere zimenezi zili pa kabokosi komaliza kokha.

Nambala za m'funso lanu ndi zosalala chifukwa zinakonzedwera kalasi. Mu labotale yeniyeni mukhoza kupeza 200, 310, 440 ndi 690, ndipo mukagawa mupeza 1.55, 1.42 ndi 1.57. Palibe r mmodzi, koma nambalazo zikuzungulira malo amodzi osapendekera mbali imodzi, choncho mndandanda wa geometric ukadali woyenera. Kuti mupeze r woimira zonse, funsani kuti ndi nambala iti imene ikachulukitsidwa yokha katatu ingasandutse 200 kukhala 690. Popeza 690 yogawidwa ndi 200 ndi 3.45, nambalayo ndi pafupifupi 1.511. Musazolowere kuphatikiza maperesenti n'kugawa ndi kuchuluka kwake, ngakhale kuti pano kungapereke yankho loyandikira. Chinthu chikakwera ndi 50 peresenti kenaka n'kutsika ndi 50 peresenti, njira imeneyo imati sichinasinthe, pamene 1.5 × 0.5 ndi 0.75, kutanthauza kuti gawo limodzi mwa magawo anayi latayika. Ngati nambala zili zambiri, njira yabwino ndi kutenga log ya chiwerengero chilichonse n'kujambula galafu yake motsatira nthawi. Kukula kwa geometric kumaoneka ngati mzere wowongoka pa galafu yotere, ndipo mzerewo ukayamba kupindikira pansi ndiye kuti r wayamba kuchepa. Maso satha kuona zimenezi pa galafu wamba, pamene chilichonse chokwera mofulumira chimaoneka chimodzimodzi.

Kusamala popeza r n'kofunika chifukwa kulakwitsa pang'ono kumakula limodzi ndi nthawi. Ngati r weniweni ndi 1.45 koma inu mwatenga 1.5, patatha ola limodzi kusiyana ndi 290 ndi 300, kumene munthu sangakudandaule. Patatha maola 10 ndi 8,217 ndi 11,533. Patatha maola 20 ndi pafupifupi 337,600 ndi 665,000, ndiye kuti yankho lanu latsala pang'ono kuwirikiza kawiri chiwerengero chenicheni.

Tsopano tifike pa maola 100. Kakyuleta sidzakana kuwerenga. Idzakupatsani 200 × 1.5^100, zomwe ndi pafupifupi 8.1 × 10^19, kapena kuti 81 yotsatidwa ndi maziro 18. Bakiteriya mmodzi wa mtundu wofala ngati Escherichia coli amalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000,000,000 a galamu, choncho chiwerengero chimenechi chingalemere matani oposa 80. Mukapitiriza kuchulukitsa, pasanathe masiku 9 kuchokera pamene munayamba ndi mabakiteriya 200, kulemera kwawo kungapose kwa dziko lapansi, kumene ndi pafupifupi makilogalamu 6 × 10^24. Masamu sanalakwe paliponse. Chimene chasiya kukhala choona ndi mfundo ija yakuti pa mabakiteriya 100 alionse pamawonjezeka 50 pa ola kaya m'botolomo muli angati. Chakudya chimatha, zonyansa zimene mabakiteriya amatulutsa zimaunjikana, ndipo malo amachepa. Akatswiri a tizilombo amadziwa kuti mabakiteriya otsekeredwa m'botolo amayamba ndi nyengo yozolowera malo pamene sachulukana kwenikweni, kenaka imabwera nyengo yochulukana mofulumira, kenaka nyengo imene obadwa amafanana ndi akufa, ndipo pomaliza chiwerengero chimatsika. Mndandanda wa geometric umafotokoza nyengo yachiwiri yokhayo.

Mkangano pa malire amenewa ndi wakale. Mu 1798 Thomas Malthus wa ku England analemba kuti chiwerengero cha anthu, chikapanda chochiletsa, chimakula ngati mndandanda wa geometric n'kumawirikiza kawiri pa zaka 25 zilizonse, pamene chakudya chimakula ngati mndandanda wa arithmetic, ndipo anati kusiyana kumeneku kumatsekedwa ndi njala, matenda kapena kudziletsa. Mu 1838 Pierre François Verhulst wa ku Belgium anaika malirewo mkati mwa masamu enieniwo. Ganizo lake linali lakuti liwiro la kukula lizichepa pamene chiwerengero chikuyandikira kuchuluka kumene malowo angathe kusunga. Tiyerekeze kuti botolo lanu lingasunge mabakiteriya 10,000. Akakhala 200, malo otsala ndi 98 peresenti, choncho kukula kwa 50 peresenti kumatsika pang'ono kufika pa 49, ndipo r ndi 1.49. Akakhala 5,000, r ndi 1.25. Akakhala 9,000, r ndi 1.05. Galafu yake imayamba ngati ya geometric kenaka n'kugona. Chovuta kwambiri apa ndi chakuti koyambirira njira ziwirizi sizisiyanitsika: ina imapereka 300 patatha ola limodzi, ina 298, ndipo palibe wowerenga mabakiteriya amene angaone kusiyana kotere. Nambala zinayi zoyambirira zimakuuzani r wa pachiyambi, koma sizinena chilichonse za kumene malire ali.

Chiwerengero cha anthu padziko lapansi chimasonyeza kuti r akhoza kusintha mbali zonse ziwiri. Anthu anakwana 1 biliyoni cha m'ma 1804 ndipo anafika 2 biliyoni cha m'ma 1927, patapita zaka zoposa 120. Kuwirikiza kotsatira, kufika 4 biliyoni mu 1974, kunatenga zaka 47 zokha, ndipo kufika 8 biliyoni, kumene bungwe la United Nations linalengeza mu November 2022, kunatenga zaka 48. Munthu wongoyang'ana nthawi ziwiri zomalizazo akhoza kuganiza kuti wapeza r wokhazikika, koma kufananako n'kongochitika. Kukula kunafika pachimake, pafupifupi 2 peresenti pa chaka, m'zaka za m'ma 1960, ndipo masiku ano kuli pansi pa 1 peresenti. Amene angalosere 16 biliyoni patatha zaka zina 48 angakhale akugwiritsa ntchito r amene anatha kale.

Pali malo amene mndandanda wa geometric umakhala wokhulupirika kwa nthawi yaitali, ndipo ndi pamene r ali pansi pa 1 komanso palibe chimene chingamusinthe. Carbon-14, mtundu wa kaboni umene maatomu ake amasweka okha pang'onopang'ono, amachepa ndi theka pa zaka pafupifupi 5,730 zilizonse, kaya alipo wambiri kaya wochepa, chifukwa atomu iliyonse imasweka payokha osalimbirana chakudya kapena malo ndi inzake. Patatha zaka 17,190 kumatsala gawo limodzi mwa magawo 8, ndipo pa mfundo imeneyi ndi pamene Willard Libby anamangapo njira yodziwira zaka za zinthu zakale, imene analandira nayo mphotho ya Nobel mu 1960. Komanso r akakhala pakati pa 0 ndi 1, kuphatikiza nambala zonse mpaka kalekale kumapereka chiwerengero chokhala ndi malire, a ÷ (1 − r). Odwala 100 amene aliyense akupatsira pa avereji anthu osakwana mmodzi, tinene kuti r ndi 0.8, angabweretse odwala 500 onse pamodzi mliri usanazilale. Ngati r ndi 0.9 onse pamodzi ndi 1,000, ndipo r akangofika pa 1 fomulayi imasiya kugwira ntchito. Ndi chifukwa chake akatswiri a miliri amayang'anitsitsa ngati nambala imeneyi ili pamwamba kapena pansi pa 1.

Pa ntchito imene mwapatsidwa, lembani 200 × 1.5^10 = 11,533, ndipo muonjezere chiganizo chimodzi chonena kuti yankholi likudalira kuti mabakiteriya apitirize kukula ndi 50 peresenti pa ola mpaka ola la 10. Pa maola 100 mukhoza kulemba 8.1 × 10^19 ngati chimene fomula ikupereka, koma munene poyera kuti botolo silingasunge matani 80. Ngati tsiku lina mudzakhale mukuwerenga nokha mabakiteriya mu labotale, pitirizani kugawa chiwerengero chatsopano ndi cham'mbuyo ola lililonse, ndipo mukadzaona 1.5 akutsika kufika 1.4 kenaka 1.3 motsatizana, musiye fomula ya geometric n'kuyamba kufufuza kuchuluka kumene botolo lanu lingasunge.